Pa Kaliyala Yanga

Ndanyamulapo matumba a nandolo,
mbuzi yomanga miyendo,
amayi apakati othamangira kuchipatala,
koma katundu amene anandithyola msana
ndi Jelita, mlongo wanga, woonda ngati bango,
ndi chimkuzamawu chobwereka kutchalitchi.

Zinayambira pa bolodi la kusukulu.
Mayina makumi anayi a ana olipiriridwa fizi ndi khonsolo,
iye anawawerenga chala chili papepala.
Asanu ndi awiri palibe anawamvapo kuno.
Limodzi linali la Feluna,
amene tinamuika m'manda dzinja lapitalo.
Anafunsa.
Anamuuza kuti mwana wamkazi safunsa ataimirira.
Anakhala pansi, nafunsanso.

Atabwera ku holide kuchokera ku koleji
anati ndikuimira ukhansala, popanda chipani.
Amayi, zala zawo zakuda ndi masamba a tiyi,
anaseka mpaka kutsokomola,
kenako anamasula mfundo ya pachitenje
natulutsa ndalama za bonasi
zomwe tinkati n'za malata.

Tinamata nkhope yake ndi phala la chinangwa
m'mitengo ya bulugama, kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbuli.
Usiku mbuzi zinanyambita phalalo,
zinamudya chibwano.
Mwina mokwera, momwe mbuzi sifika,
munatsala maso okha.

Ine kupalasa, iye kukuwa.
Mabatire akatha ankakuwa ndi kukhosi kwake.
Pa sikelo, othyola tiyi ali pamzere, madengu kumsana,
anati: inu simuphethira muvi ukamayenda,
kuopa kalaliki angakubereni kilo imodzi,
nanga ndalama za mlatho wathu uja
ndani akuyang'ana muvi wake?
Kapitawo anatithamangitsa.
Mayi wina anatitsatira mpaka pamsewu
natiponyera nanazi, osanena kanthu.

Ndiulule.
Loweruka lina galimoto ya a Muhoko, opikisana naye,
inaima pa siteji yathu ya kabaza.
Ndinalandira paketi ya shuga ndi faifi sauzande,
tcheni changa chinali chitatha, ndiye ndikanatani.
M'mawa mwake Jelita anamwa tiyi,
anati lero akukoma,
nandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa kapu.
Tsiku lokhalo m'moyo wake wonse
sanafunse.

La voti linafika ndi chiperoni chotsika m'phiri,
anthu pamzere atafunda matumba a feteleza.
Kuseri kwa katoni ndinali ndekha.
Shuga anali wa a Muhoko,
chala chinali changa.

Usiku, m'kalasi ya sitandade folo,
pansi pa chithunzi cha ziwalo za chiwala,
anawerenga limodzilimodzi pa kuwala kwa nyali imodzi.
Iye anaima kumbuyo kwawo, kope m'manja:
bwerezani mulu uwo.
Anang'ung'udza, koma anabwereza,
napeza awiri ake atabisala m'mulu wa eni.
Onse pamodzi mazana atatu ndi khumi ndi anayi.
A Muhoko anadutsa sauzande.

Pobwerera tcheni chatsopano chija chinaduka pachitunda.
Tinayenda wapansi pakati pa minda ya tiyi,
ine kukankha njinga, iye nsapato m'manja,
kutali ng'oma za opambana.
Ndinafuna mawu omutonthoza, sindinawapeze.
Tili pafupi ndi kwathu iye ndiye anayankhula:
mazana atatu aja, achimwene,
ndikufuna ndiwadziwe nkhope.

Malata sitinagule.
Mvula ikabwera amayi amaika beseni pamalo pomwe paja,
ndipo madontho akamagwa
amawawerenga mokweza, kumuseka,
mpaka nayenso aseke.
Mlatho ukadali mitengo iwiri ya bulugama.

Koma Lachiwiri khonsolo ikukumana ku Boma,
ndipo ati benchi ya kumbuyo
ndi ya aliyense wofuna kumvetsera.
Wagula kope latsopano, masamba naintesikisi.
Wandiuza kuti ndipope matayala.